Monita ya mainchesi 27 ndi Loweruka limene ndinataya m'tauni chifukwa cha magalasi a 3D

Monita yatsopano ili pa tebulo langa tsopano kuno ku Highfield, mu mzinda wa Harare, ndipo mtima wakhala pansi patatha masabata atatu a kuyendayenda. Komabe madola 20 amene ndinasiya m'sitolo ina m'tauni akundiwawabe, ndipo ndikulemba izi kuti aliyense amene akuganiza zogula monita yaikulu, makamaka ngati wakopeka ndi nkhani ya magemu a 3D, asagwe m'mbuna imene ine ndinagwamo.

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, choncho ndimatha tsiku lonse ndikuyang'ana manambala mu Excel, ndipo madzulo, magetsi akakhalapo, ndimasewera magemu a mpikisano wa magalimoto ndi mwana wa mlongo wanga amene ndimakhala naye. Monita yakale ya mainchesi 22 inali itandichepera, moti ndinaganiza zokwera kufika pa mainchesi 27. Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kugula monita yatsopano ya 2560 x 1440 (manambalawa ndi a timadontho topanga chithunzi, m'litali ndi m'lifupi), imene imaonetsa zilembo zosalala, kapena monita yogwiritsidwapo kale ntchito ya 1920 x 1080 yokhala ndi magalasi a 3D, imene mnyamatayu anaiona m'sitolo ya zipangizo zakale ndipo sanasiye kuikamba. Tsiku lililonse amati, "Amalume, mukangovala magalasi aja, galimoto imachita ngati ikutuluka m'sikirini."

Ndinapita kukaiona Lachinayi. Wogulitsa anaiyatsa, chithunzi chinaoneka bwinobwino, koma atafika pa magalasi anati batire yatha ndipo ndibwerenso Loweruka akaichaja. Kenako anawonjezera kuti anthu ena awiri akuifunanso, ndipo ngati ndikuifunadi ndisiye dipoziti ya madola 20. Ndinapereka, ndipo kapepala kamene anandilembera kanalibe dzina la sitolo kapena mawu onena kuti ndalamayo ingabwezedwe. Apa ndi pamene panalakwika zonse. Musapereke ngakhale dola imodzi musanaone monita ikuchita chinthu chenicheni chimene mukuigulira, pa kompyuta yanu, ndi chingwe chimene mudzagwiritse ntchito kunyumba.

Loweruka ndinanyamula kompyuta yanga yonse, nditaikulunga m'bulangete, ndinakwera nayo kombi (minibasi) limodzi ndi mnyamatayu, itakhala pamiyendo mpaka ku Market Square, kenako ndinaisenza wapansi kukafika kusitoloko nthawi ili cha m'ma 9 koloko. Magetsi kunalibe. Wogulitsa anati tidikire pang'ono, ndipo ndinakhala pa benchi ya pakhonde mpaka dzuwa linafika paliwombo, kompyuta ili pakati pa miyendo yanga kuti odutsa asaipunthe. Nditafunsa za jenereta imene inali kulira kuseri, anati ndi ya mwini nyumba, ndipo aliyense wofuna kulumikizako amalipira madola 5. Ndalama imeneyi ndi imene inandipsetsa mtima kuposa zonse, chifukwa katunduyo ndi wake, wogulitsa ndi iye, koma woyenera kulipira kuti aone ngati katunduyo ali bwino ndinali ine. Akanandiuza Lachinayi lija kuti Loweruka magetsi amavuta, ndikanasankha tsiku lina, ndipo akanandiuza za madola 5 m'mawa momwemo, sindikanataya maola atatu pa benchi. Ndinalipira chifukwa kubwerera nditangosenza katundu yense uja kukanandiwawa koposa.

Titalumikiza, Windows inaonetsa 60 Hz yokha, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi imodzi. Kuti mumvetse vuto limeneli, muyenera kudziwa mmene njira ya kampani ya Nvidia yotchedwa 3D Vision imagwirira ntchito. Monita imaonetsa zithunzi 120 pa sekondi imodzi, 60 za diso lamanzere ndi 60 za diso lamanja mosinthanasinthana, ndipo magalasi amatseka diso limodzi n'kutsegula linzake mogwirizana ndi chizindikiro chochokera ku kachipangizo kotumiza kuwala kwa infrared. Popanda 120 Hz palibe 3D. Mamonita akale a mtundu umenewu amalandira 120 Hz kudzera m'chingwe cha DVI chotchedwa dual-link, ndipo chingwe chimene anandipatsa m'sitolomo chinali cha single-link, chimene sichipitirira 60 Hz pa 1920 x 1080. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mukayang'ana kumutu kwa chingwe: cha single-link chili ndi timano 18 ndi mpata pakati, pamene cha dual-link chili ndi timano 24 todzaza mizere itatu popanda mpata. Wogulitsa anaumirira kuti tiyese HDMI, koma HDMI ya pa mamonita a nthawi imeneyo, ya 1.4, imanyamula 3D ya 1080 pa zithunzi 24 zokha pa sekondi, zimene zimakwanira kuonera kanema koma osati kusewera gemu ya magalimoto. Ndinasiya mnyamatayu akulondera kompyuta, ine n'kuyamba kulowa sitolo ndi sitolo m'misewu ya kumunsi kwa tauni, ndipo chingwe choyenera ndinachipeza patatha pafupifupi ola lathunthu, m'katoni ya zingwe zosakanikirana imene mwini wake anandilola kuti ndifufuze ndekha.

Chingwecho chitalowa, 120 Hz inaoneka, ndipo ndinaganiza kuti tsopano zatheka. Koma nditatsegula Nvidia Control Panel, malo oyatsira 3D munalibemo. Wogulitsa anati vuto ndi kompyuta yanga. Nthawi inali itadutsa 4 koloko, masitolo akutseka, ndipo tinabwerera ku Highfield ndi katundu wathu osaona ngakhale chithunzi chimodzi cha 3D.

Yankho ndinalipeza Lamulungu titatuluka m'tchalitchi cha CCAP, kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza ma TV ndi makompyuta kwa zaka zambiri. Nditawafotokozera, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Achimwene, kompyuta yanu ilibe mlandu, nkhani yagona pa driver." Driver ndi pulogalamu imene imayendetsa graphics card, khadi yojambula zithunzi m'kompyuta. Nvidia inatulutsa 3D Vision mu 2009, inaikonzanso mu 2011 ndi magalasi aakulu ndiponso kuwala kowonjezera kotchedwa LightBoost, koma mu 2019 inasiya kuiika m'ma driver atsopano. Driver yomaliza yokhala ndi 3D Vision ndi 425.31, ya mu Epulo chaka chomwecho. Graphics card yanga ndi GTX 1060, choncho driver yakaleyo imaigwira, koma makhadi amene anatuluka pambuyo pa driver imeneyo siwadziwa, ndipo ambiri mwa makhadi atsopano alibe ngakhale polowetsa chingwe cha DVI. Anandiuzanso kuti njira imeneyi inapangidwira magemu a DirectX 9, 10 ndi 11 (DirectX ndi njira imene magemu amajambulira zithunzi pa Windows), moti magemu atsopano a DirectX 12 siingawasandutse kukhala a 3D. Alipo anthu pa intaneti amene amakonza njira zozembera mavuto amenewa, koma zimafuna munthu wokhala ndi nthawi yokonzakonza gemu iliyonse payokha, ndipo ine nthawi imeneyo ndilibe. Zonsezi wogulitsa amayenera kuzinena asanalandire ndalama yanga.

Ndinaikabe driver yakaleyo kunyumba, popeza ndinafuna kuona ndi maso anga chinthu chimene chinanditayitsa tsiku. Usiku womwewo gemu imodzi yatsopano imene mnyamatayu amaikonda inayamba kudandaula kuti driver ndi yakale. Lachitatu ndinasenzanso kompyuta, ndipo ulendo uno magetsi analipo. Sindingabise, zimene ndinaona zinali zokongola kwambiri. Msewu unazama kulowa m'kati mwa sikirini, chiwongolero chinaoneka ngati chili pafupi ndi chifuwa changa, ndipo pokhota ndinatha kuyeza mtunda wa pakati pa galimoto yanga ndi ya patsogolo mosavuta kuposa kale lonse. Kwa mphindi zoyambirira ndinamvetsa chifukwa chake mnyamatayu sanagone tulo ndi nkhaniyi. Koma chithunzi chinali chakuda poyerekeza ndi cha masiku onse, chifukwa diso lililonse limakhala lotsekedwa theka la nthawi, ndipo m'mphepete mwa mizati yoyera ya m'mbali mwa msewu munkaoneka mthunzi wachiwiri wofooka. Ine ndimavala mandala, choncho magalasi awiri osanjikizana anayamba kundikanikiza pamphuno. Pasanathe mphindi 15 magalasiwo anazima, ngakhale kuti wogulitsa anati anawachaja m'mawa wonse, ndipo batire yake ndi yomangidwira m'kati, si yongochotsa n'kuikamo ina.

Ndaiwala kutchula za nyale. M'sitolomo munali nyale zazitali za chubu, ndipo nditangovala magalasi, chipinda chonse kunja kwa sikirini chinayamba kuphethira. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz, ndipo kuphethira kwa nyale zimenezi sikugwirizana ndi kutseka kwa magalasi pa 120 Hz. Driver imalola kutsitsa monita kufika pa 100 Hz kuti zigwirizane, kapena mutha kungozimitsa nyale, koma kunyumba kwanga tebulo lili pabalaza pamene ana amalembera ntchito ya kusukulu, ndipo sindingawakhazike mumdima kuti ine ndisewere.

Chimene chinamaliza nkhani ndi masamu amene ndinachita pa pepala madzulo amenewo. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo ya 2560 x 1440 ili ndi timadontho 3,686,400. Mu 3D, khadi imajambula chithunzi chilichonse kawiri, zimene zikupereka timadontho 4,147,200, kutanthauza kuti mphamvu imene 3D imadya ndi yoposa imene 1440 imafuna, pamene diso likulandirabe chithunzi cha 1080. Ndipo 1080 ikatambasulidwa pa mainchesi 27 imapereka timadontho pafupifupi 82 pa inchesi imodzi, zochepa kuyerekeza ndi 92 za monita ya mainchesi 24, pamene 1440 pa mainchesi 27 imafika pafupifupi 109. Izi si manambala chabe, chifukwa Lachitatu lija ndinatsegula buku langa la Excel pa monita ya 3D ija, ndipo m'mbali mwa zilembo munkaoneka timasitepe, moti ndinadziwa kuti pofika masana maso adzakhala akundiwawa. Sikirini yake inalinso ya mtundu wa TN, umene mitundu yake imasintha ukangoweramitsa mutu pang'ono. Ndimagwira ntchito maola asanu ndi atatu, ndimasewera ola limodzi, ndipo sindikanalola kuti ola limodzilo lilamulire maola ena onse. Monita yokhala ndi zonse ziwiri inapangidwapo, monga ASUS PG278Q ya mu 2014 imene ili ndi 2560 x 1440, 144 Hz ndi 3D Vision, koma nayonso imadalira driver yakale yomweyo, ndipo GTX 1060 ikanalemedwa kujambula 1440 kawiri. Za 4K sindinaziganizire nthawi yaitali, popeza timadontho 8,294,400 ndi katundu wosayenera khadi yanga.

Nditauza wogulitsa kuti sindigula, anakana kubweza dipoziti, akuti anabweza makasitomala ena chifukwa cha ine. Ndinamukumbutsa za batire yakufa ndi za driver imene sanandiuze, koma anangotulutsa kapepala kaja n'kundifunsa kuti palembedwa pati kuti ndalama imabwezedwa. Ndikubwerezanso, musapereke dipoziti musanayese, ndipo ngati mwakakamizika kupereka, lisiti likhale ndi dzina la sitolo, nambala ya monita ndi mawu omveka bwino onena za kubweza.

Monita ya 1440 ndinakaigula m'sitolo ina, ndipo ulendo uno ndinaimba foni kaye kufunsa ngati magetsi alipo. Ndinanyamulanso kompyuta ndi chingwe changa cha DisplayPort. Ndinasankha ya sikirini ya mtundu wa IPS, umene mitundu yake sisintha kwambiri ukaweramitsa mutu, ndipo ndisanalipire ndinatsegula zithunzi za mtundu umodzi, choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, chilichonse chodzaza sikirini yonse, n'kuyandikira nkhope kufunafuna kadontho kakufa. Pa chakuda ndinapempha kuti azimitse nyale kuti ndione ngati kuwala sikukutuluka kwambiri m'makona. Katoni inabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano atatu ozungulira, ndipo anandisinthira ndi ya mano amakona imene imalowa m'masoketi a m'nyumba mwanga. Ndinawerenganso ma watt olembedwa kuseri kuti ndidziwe ngati inveta yanga ingakwanitse, ndipo ndinagula chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa amene timakhala kuno tikudziwa zimene zimachitika akamabwerera usiku. Pobwerera ndinalipira mipando iwiri m'kombi, katoni itaimirira pafupi nane, osati kumbuyo kumene amapanikiza matumba.

Yezaninso tebulo musanapite. Sikirini ya mainchesi 27 ndi yotambalala pafupifupi masentimita 60, ndipo imafuna kuti mukhale patali ngati kutalika kwa mkono wanu. Langa linali losaya, moti ndinachita kulikokera kutsogolo n'kuika thabwa kuseri kuti mwendo wa monita ukhale bwino.

Tsopano ndimatsegula mabuku awiri a Excel mbali ndi mbali popanda kuchepetsa zilembo, ndipo ndabwezeretsa driver yatsopano. M'magemu olemera ndimatsitsa mithunzi kufika pakatikati kuti GTX 1060 isatsamwe, ndipo a magalimoto akuyenda bwino. Mnyamatayu anakhumudwa masiku awiri oyambirira, koma dzulo ndinamupeza akuwerenga zikwangwani za kutali m'gemu zimene pa monita yakale zinkangooneka ngati mabanga. Chingwe cha dual-link chija ndachipereka kwa bambo aja a kutchalitchi, amene akuti ali ndi kasitomala wa monita yakale ya 120 Hz amene wakhala akuchifunafuna.