Moto wa agogo sunayake lero pa Mukuvisi

Lachinayi usiku

Ana agona, ine ndikulemba pa foni nditafunda bulangete mpaka m'khosi. Chisanu cha Juni kuno ku Harare chimaluma mpaka m'mafupa, ndipo lero chikundilowa kuposa masiku onse chifukwa anthu amene akugona panja usiku uno ndikuwadziwa, nkhope zawo ndi mawu awo omwe.

Ndinadzuka 4 koloko. Geni ya tomato imafuna kulawira. Ukafika ku Mbare Musika dzuwa litatuluka umapeza alimi a ku Mutoko ndi ku Domboshava atagulitsa kale mabokosi abwino, iwe n'kutsala ndi zophwanyika zimene sizigona masiku awiri pa benchi.

Kuchokera kwathu kutsidya kuno, njira yachidule yopita kumsikako imadutsa m'bango la mtsinje wa Mukuvisi. Ndaiyenda zaka 6, dengu pamutu, ndalama zopikulira nditamanga kunsonga kwa chitenje. Pakatikati pa njirayo, pamalo okwererako pomwe madzi safika nthawi ya dzinja, panali zisakasa zosakwana 20, za mapepala a pulasitiki, makatoni ndi zidutswa za malata. Eni ake ambiri ndi otola mabotolo, zitini ndi zitsulo zakutha n'kukagulitsa pa sikelo, ena ndi okankha ngolo kumsika. Chisakasa choyamba m'mphepete mwa njira chinali cha agogo ena aamuna, olankhula Chichewa chathu chomwechi, amene tulo tinawathawa kalekale. Nthawi iliyonse ndinkawapeza ali tsonga pa mbaula yawo ya chitini.

"Wadzuka bwanji, Naphiri?"

"Ndadzuka, agogo, kaya inu?"

Akatero ankandiuza za njira. Masiku ambiri ankangoti, "Pita, kuli zii." Masiku ena ankati, "Ima kaye uothe moto, anzako akupeze. Ndaona anyamata achilendo kumlatho." Ndinkawamvera, ndipo zaka zonsezi palibe anandigwirapo ngakhale dengu.

Lachiwiri m'mamawa kunabwera galimoto ya anthu onyamula nyundo ndi zitsulo, n'kugwetsa zonse, zotsala n'kutentha. Dzulo sindinapite kumsika, wamng'onoyu ankatentha thupi, choncho lero ndi pamene ndaona ndi maso anga. Mdima wokhawokha. Fungo la pulasitiki wopsa likadali m'bangomo. Tochi ya pa foni inandionetsa phulusa, poto wophwanyika ndi nsapato imodzi ya mwana, kenako ndinaithima msanga nditazindikira kuti ndikudziulula ndekha kwa aliyense wobisala m'tchire. Ndinayenda chothamanga mpaka kumsewu wa tala, mtima uli thi thi thi.

Cha m'ma 6 koloko, ndikusankha bokosi, anatulukira mayi wina amene timadutsa njira imodzi, wogulitsa repu ndi anyezi. Chitenje chong'ambika, chigongono chikuchucha magazi. Anyamata awiri amugwetsa pamalo pomwe panali zisakasa paja, amulanda foni ndi ndalama zonse zopikulira. Akuti anakuwa mpaka mawu kutha. Sabata yatha kukuwa kumeneko kukanatulutsa anthu ndi mipini m'manja, lero palibe anayankha. Tinasonkherana, wina dola wina theka, kuti asabwerere kwa ana chimanjamanja.

Sindikufuna kuwayeretsa anthu a m'zisakasa muja ngati angelo ayi. Munali anyamata atatu kapena anayi osuta mutoriro, mankhwala aja onga timiyala toyera amene ena amati guka kapena dombo, ndipo amenewo chibaba chikawagwira amazula mpope wa mkuwa pakhomo pako usiku, kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Wanga anauzula chaka chatha. Chimbudzi panalibe, ndiye zonse zinkathera mumtsinje, chonsecho Mukuvisi amakathira mu Manyame, madzi ake n'kukafika ku nyanja ya Chivero kumene mzinda wonse umamwa. Ife amene tinaona kolera ya 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sitingaichepetse nkhani imeneyo. Zonsezi n'zoona. Koma mpope wanga utabedwa, anali agogo omwewo amene anamuitana mnyamatayo ine ndili pomwepo, n'kumukalipira ngati mwana wobereka okha, ndipo madzulo ake mpopewo unabwera utakulungidwa m'nyuzipepala. Mbava ija inali ndi dzina, inali ndi pogona podziwika, inalinso ndi munthu wamkulu womuchitira manyazi. Lero ikadali mumzinda momwemuno, njala yake ndi chibaba chake zili pomwepo, kungoti tsopano palibe khomo lokagogoda ukabedwa.

Masana, nditagulitsako pang'ono, ndinasiyira benchi mwana wa achemwali anga n'kubwerera ku Mbare kukafunsa kwa okankha ngolo. Agogo ndinawapeza kuseri kwa mafulati a Matapi, atatsamira khoma, thumba limodzi la saka pambali.

"Agogo, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, Naphiri. Wadutsa bwino lero?"

Munthu wagona pa simenti masiku awiri, koma funso lake loyamba n'lofunsa za ine. Misozi inalengeza m'maso, ndinayang'ana kumbali. Ndinawagulira nsima ya nyemba ndipo anadya pang'onopang'ono akundifotokozera. Mabulangete awo awiri apsa, mbaula aiphwanya, koma chimene chikuwawawa kwambiri ndi chitupa, chimene ankachisunga m'jumbo lopachika kudenga la chisakasa. Anzawo abalalika. Ena akugona m'makonde a masitolo cha ku Copacabana ndi ku Market Square, ena akubisala ku Harare Gardens, mayi wina wa ana awiri wapita kwa mbale wake ku Epworth. Za anyamata a mutoriro aja, agogo anangoti, "Alowa m'tauni." Ogwetsawo akuti anawasiyira mawu amodzi okha: dzokerai kumusha, kutanthauza kuti bwererani kumudzi.

Mawu amenewa ndi amene andikhalitsa maso mpaka pano. Kumudzi kwake kuti? Agogowa anabadwira m'komboni ya pa famu ya fodya cha ku Bindura. Bambo awo anachokera ku Dedza pa malole a ulere aja onyamula anthu ofuna ntchito nthawi ya atsamunda, n'kutchona, manda awo ali pafamupo. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ntchito inatha ndipo komboni inatha nayo. Mnzathu wa Chishona akagwetseredwa nyumba, nthawi zambiri ali ndi kwa agogo ake ku Murehwa kapena ku Gutu kokapumirako, ngakhale kuli njala. Mdzukulu wa mtchona alibe munda, alibe mfumu yomudziwa, ku Malawi sanapondeko. Ambirife tinakula ndi zitupa zolembedwa chilembo cha A, kusonyeza kuti ndife alendo m'dziko limene tinabadwiramo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linaonjeza mavuto pouza anthu kuti akane unzika wa dziko limene sanalionepo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira muno kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika, koma kuti usinthe chitupa uyenera kukhala ndi mapepala, ndipo a agogo asanduka phulusa. Pulezidenti wakale Robert Mugabe anatchulapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda chiwongo. Chikhalirecho ine agogowa sananditchulepo dzina langa la ubatizo, amanditchula ndi chiwongo changa.

Fungo la m'mawa lija linandibwezera ku 2005. Ndinali ndi zaka 15, tikuchita lendi kanyumba kamatabwa kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Mbare. Mu Meyi chaka chimenecho boma linayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi mabenchi ogulitsirapo yotchedwa Murambatsvina, dzina la Chishona lotanthauza wokana nyansi, koma anthu ankangoti tsunami. Bambo anga anauzidwa kuti agwetse okha nyumba yathu, ndipo anaigwetsa ndi manja awo ife tikuonerera, akuzula misomali mosamala kuti matabwa asathyoke. Tinagona panja milungu itatu m'chisanu chonga chalerochi, kabati ndi bedi zili pa mtetete. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, atayendera dziko lino analemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena popezera ndalama, kapena zonse ziwiri, ndipo ena 2.4 miliyoni anakhudzidwa m'njira zina. Chifukwa chimene chinkanenedwa chinali chomwechi cha Lachiwirichi: kuchotsa umbanda ndi uve. Chimene ndinaona ine pakhomo pathu n'chakuti achimwene anga, amene ankagulitsa zipatso ndi mayi ndipo ankapita ku sukulu, benchi itatenthedwa anasiya sukulu, anayamba kuitanira makombi (maminibasi) ku Fourth Street, kenako kugona komweko, kenako kununkhiza guluu. Asanagwetse nyumba yathu anali asanagonepo m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi. Pambuyo pake tinasiya kuwerenga maulendo amene anatsekeredwa.

Ndipo si 2005 yokha. Mu 1991, Mfumukazi Elizabeth ikubwera ku msonkhano wa Commonwealth muno mu Harare, anthu osowa pokhala anasesedwa ku Mbare ndi ku Epworth n'kukatayidwa ku Porta Farm, cha ku Norton, kuti alendo asawaone. Anakhala kumeneko zaka 14, anamanga nyumba, ana anayamba sukulu. Mu Juni 2005 anawagwetseranso, ngakhale makhoti anali ataletsa, n'kuwanyamula kupita ku famu ya Caledonia, kenako ambiri ku famu ya Hopley. Anthu omwewo, kusamutsidwa katatu, ndipo pa ulendo uliwonse amafika osauka kuposa poyamba.

Madzulo kunali kamsonkhano ka anthu a mumsewu mwathu, pabwalo la bambo wina amene ndiye anayendetsa kalata yodandaula za zisakasazo. Ndi munthu wabwino, anamuthyolera nyumba kawiri, ndipo mkwiyo wake ndimaumvetsa. Pa gulu lathu la WhatsApp anthu akhala akuyamika kuyambira Lachiwiri kuti tsopano tipuma. Ine ndinafotokoza za mayi wa repu uja. Bambowo anati, "Amayi, nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola. Anthu aja anayenera kuchoka basi."

Ndinati, "Bambo, kuchoka achoka. Nanga apita kuti? Amene anagwetsa mayi uja m'mawa uno anachita kusankha malo opanda maso."

Ndinawakumbutsanso kuti gawo 74 la malamulo aakulu a dziko limati munthu asachotsedwe pakhomo pake, kapena kugwetseredwa nyumba, popanda chilolezo cha khoti litaunika mbali zonse za nkhaniyo. Agogo akuti iwo sanaonetsedwe pepala lililonse. Bambowo anati chisakasa cha pulasitiki si nyumba. Pamenepo ndinakhala chete kanthawi, chifukwa ndi mawu omwewo amene ananenedwa za kanyumba kathu kamatabwa, mmene mayi anga anaberekeramo ana atatu.

Amene anatembenuza nkhani ndi mayi wina wachikulire wa kumapeto kwa msewu, amene nyumba yake inayang'ana kumtsinje. Iye anasaina nawo kalata ija. Anati kuyambira Lachiwiri sakugona, galu akungouwa usiku wonse, ndipo dzulo wina amayesa geti yake. Kale akamva phokoso ankasuzumira pa zenera n'kuona moto wa mbaula, mtima n'kukhala pansi podziwa kuti kunja kuli munthu wamaso. "Ndinalira mvula," anatero, "matope ake ndi amenewa." Palibe anaseka.

Sitinamvane zonse. Tagwirizana kuti abambo azisinthana kulondera usiku, khomo lililonse lisonkhe dola pa sabata yogulira matochi ndi mawezulo, ndiponso kuti amayi opita kumsika tiziyenda pagulu. Ine ndinapempha china: ngati tikufuna maso panjira ija, bwanji mlondayo asakhale agogo omwewo, tiwapezere kachipinda kumapeto kwa msewu, ndalama tikusonkhazo zikhale malipiro awo? Ena anagwedeza mutu kuvomera, ena anati tikatero onse aja abwerera. Nkhaniyo aisiya kuti idzakambidwenso Lamlungu. Alamu anga, amene ndi mkulu wa mpingo kwathu, alonjeza kuti afunsa anzawo ngati agogo angagoneko m'kanyumba ka mlonda wa kutchalitchi masiku ochepa, komanso kupeza munthu wowaperekeza pa nkhani ya chitupa, pakuti kumeneko kumafunika mboni ndi miyendo yolimba yoimira pa mzere.

Za anyamata a mutoriro aja palibe amene anatchula, ndipo ndikuganiza kuti ndi amenewo tinayenera kuyamba nawo. Wamng'ono mwa iwo sanakwane zaka 18. Ndimamuona ngati achimwene anga chaka chija.

Msonkhano utatha ndinatenga bulangete la malemu bambo anga, lolemera lija, n'kutuma mwana wa achemwali anga ndi mnzake kuti akapereke ku Matapi kusanade kwambiri. Abwerako akuti awapeza, afunda, ndipo anena kuti ndisadutsenso m'bango ndekha. Mawa tikumana amayi asanu pa ngodya ya msewu 5 koloko, wezulo ili kwa ine. Tomato wabwino tikampeza atatha, ndigula anyezi.