Kupanga Monk womenya ndi manja okha mu Dungeons & Dragons (D&D): mmene ndinadutsira

Monk wanga, mmonke wankhondo amene ndimasewera m'masewera a patebulo a D&D, tsopano watheka, akugwetsa anthu ndi zibakera bwinobwino. Koma inu amene mukufuna kupanga wanu, funsani kaye DM (Dungeon Master, woyendetsa masewera) kuti akutsatira Player's Handbook, buku la malamulo, ya chaka chiti, ya 2014 kapena ya 2024. Mufunseni musanalembe ngakhale dzina papepala la munthu wanuyo.

Za kusankha mtundu wa munthu ndi mbiri yake sindikambapo, zimenezo mukuzidziwa. Manambala akuluakulu ikani pa Dexterity (changu cha thupi) ndi Wisdom (nzeru), chifukwa Monk savala zachitsulo ndipo sagwira chishango; AC yake (nambala ya chitetezo imene mdani ayenera kufika kuti amumenye) ndi 10 kuphatikiza zimene ziwirizi zikumupatsa. Mukamuveka chovala chankhondo, Martial Arts, luso lake lomenya lija, yonse yafera pomwepo. Munthu wamba akaponya chibakera amavulaza 1 kuphatikiza Strength (mphamvu) basi, pomwe Monk amaponya dayisi n'kuonjezera Dexterity. Mu malamulo a 2014 dayisiyo imayambira pa d4 (dayisi ya mbali zinayi), n'kukhala d6 pa levulo 5, d8 pa 11, d10 pa 17. Mu 2024 imayambira pa d6 n'kukathera pa d12.

Ife tinayambira pa levulo 5. Nditamufunsa DM wathu za malamulo anangoti, "Omwe aja amasiku onse, aise." Ndinapita kukapulintitsa pepala langa, ndipo mnyamata wa pashopu anatulutsa masamba onse amakala osandifunsa, mtengo wake ngati ndikupulintitsa makadi aukwati. Ndinalipira ndikung'ung'udza.

Loweruka linafika, tinakhala pa tebulo, nkhondo yoyamba ndi ya achifwamba pamlatho. Ine ndimafuna kumugwira mkulu wawo kuti asathawe. Apa ndiye panagona nkhani. Mu 2014 kugwira munthu kumalowa m'malo mwa kumenya kumodzi, ndipo mumapikisana: iwe uponya Athletics, yomwe imadalira Strength, iyeyo asankha Athletics kapena Acrobatics. Dexterity yako ya 18 ija sikuthandiza kanthu. Monk wanga Strength yake ndi 8, kutanthauza kuti pa d20 ndimachotsapo 1. Katswiri wa nkhonya, wokulira ku nyumba ya amonke, akulephera kugwira mbava pamkono! Mu 2024 zinasintha: kugwira ndi kukankha zinalowa mkati mwa Unarmed Strike (kumenya popanda chida), mdaniyo ndi amene amaponya saving throw (dayisi yodzipulumutsira) ya Strength kapena Dexterity, ndipo Monk amaloledwa kuwerengera DC yake (nambala imene mdani ayenera kufika kuti apulumuke) ndi Dexterity. Kwa ine ikanakhala 8, kuphatikiza 4 ya Dexterity, kuphatikiza 3 ya proficiency (bonasi ya ukatswiri), yonse 15.

DM akuti ponya Athletics. Mnzathu wa Fighter watulutsa foni, akuti ayi, mbavayo ndi imene iponye. Wina akufufuza pa intaneti, bandulo yamuthera pakati. Tiyi anazizira, dzuwa linapendeka, mbava ija ili chiimire pamlatho, ife tikukangana. Pofufuzafufuza zinadziwika kuti DM amasakaniza mabuku awiriwa osazindikira. Dayisi yanga anandipatsa d6 ya 2014, kugwira kwa 2014, koma Stunning Strike, nkhonya yosiya mdani atasokonezeka osatha kuchita kanthu, amandiletsa kuyesa kopitirira kamodzi pa ulendo wanga woponya, lomwe ndi lamulo la 2024. Paliponse pamene Monk akanapeza mpumulo, iye anatola mbali yowawa. Tinabalalika kutada, nkhondo yosatha, ndalama ya minibasi yapita pachabe. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umawira.

Ndiye ndikubwerezanso: funsani chaka. Akakuyankhani kuti "omwe aja", musachoke, anene nambala, ndipo muilembe pamwamba pa pepala iye akuona.

Za ki, mapointi amene Monk amagwiritsa ntchito pa maluso ake apadera, ndikanayenera kuzinena kale. Zimayamba pa levulo 2, ndipo mapointi ake ndi ofanana ndi levulo yanu. Mu 2024 akuwatcha Focus Points koma ntchito ndi yomweyo. Pointi imodzi pa Flurry of Blows imakupatsani kumenya kuwiri pa bonus action (chochita choonjezera pa ulendo wanu woponya), ndiye pa levulo 5 mukaphatikiza ndi Extra Attack, yomwe imakulolani kumenya kawiri, mukumenya kanayi. Zimakoma, koma mapointi 5 amatha msanga, makamaka mukamayesanso Stunning Strike, yomwe imadya pointi nthawi iliyonse ndipo mdani wa Constitution (kulimba kwa thupi) yaikulu amangoipulumuka. Amabwerera mukapuma short rest ya ola limodzi, choncho ngati gulu lanu ndi la anthu othamanga osafuna kukhala pansi, kambiranani poyamba.

China chimene anthu amaphonya: Unarmed Strike si chibakera chokha. Theche, bondo, chigongono, ngakhale mutu, zonse zimawerengedwa. Kugwira munthu kumafuna dzanja limodzi lopanda kanthu, ndipo wogwidwayo asakuposeni msinkhu kopitirira sitepe imodzi, koma mukamugwira mutha kumamusasantha ndi maondo manja ali otanganidwa.

Sabata yotsatira tinagwirizana kuti tonse titsatire 2024, osasakaniza. Pepala lamakala lija linapita m'bini, ndinalemba lina ndi pensulo, dayisi yanga inakwera kufika pa d8. DM akudandaula kale kuti Monk wakula mphamvu, akufuna kundichepetsera mapointi, ndipo ndamuuza kuti akayerekeza tikakumana pa Session Zero ina, msonkhano wogwirizana malamulo masewera asanayambe, osati pakati pa nkhondo.