Kadontho kamodzi kandidyera masiku anayi

Usiku wathawu cha m'ma 11 koloko mutu wa mphutsi ya udzudzu unatulukira pa Neuroglancer, pulogalamu yoonera zithunzi za 3D mu browser. Ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anadzuka n'kufunsa ngati kwalowa akuba. Zatheka, akuluakulu. Koma ndikuuzeni kaye chimene chinandimanga miyendo kuyambira Lolemba, chifukwa wina mwa inu adzagwa m'mbuna yomweyi.

Mnzanga wa ku labu anandigawira z-stack ya mutuwo, ndiye kuti zithunzi zosanjikizana gawo ndi gawo, zojambulidwa ndi maikulosikopu ya confocal: magawo 180, lililonse 2048 kwa 2048, 16-bit, zonse pamodzi pafupifupi 1.5 GB. Pa Fiji, pulogalamu ya zithunzi za maikulosikopu, imatseguka ndithu, kungoti laputopu yanga imayamba kupuma wefuwefu ngati yakwera chitunda. Ndipo kutumizira munthu TIFF yotere n'kumuphera bandulo dala. Ine ndinkafuna munthu angodina linki, alowe m'kati mwa mutuwo, atembenuze mmene akufunira, osakoka fayilo yonse.

Kuisandutsa OME-Zarr, kasungidwe kamene kamadula chithunzi m'tizidutswa, sikunavute. Ndinagwiritsa ntchito ome-zarr ya Python, mtundu wa 0.4, tizidutswa ta 64 mbali zonse zitatu, piramidi ya masitepe asanu, ndiye kuti makope a chithunzicho omka nachepa. Sitepe yoyamba yokha inabala timafayilo 3,072, kalikonse theka la megabaiti kasanafinyidwe. Pa napari, pulogalamu ina yoonera zithunzi pa laputopu, zinaoneka bwinobwino. Ndinakopera zonse ku kaseva kanga koyendera pulogalamu ya nginx, n'kuika adiresi mu Neuroglancer ndi zarr:// kutsogolo. Mawindo onse anayi, opanda kanthu.

Nditatsegula console ya browser ndinapeza mizere yofiira psuu yonena za CORS, lamulo loti tsamba lisatenge zinthu ku seva ina popanda chilolezo cha sevayo. Ndinati aaa, kamwana aka ndimakadziwa. Ndinaika add_header ya Access-Control-Allow-Origin, mzere wopereka chilolezocho, n'kudzutsanso seva. Palibe chosintha. Lachiwiri ndinathera pa https, poganiza kuti mwina browser ikukana kusakaniza tsamba lotetezedwa ndi losatetezedwa. Lachitatu ndinasinthasintha config mpaka ine mwini wake osaizindikiranso, magetsi n'kuzimanso pakati pa ntchito. Ndinafika poyesa pa foni ya mlamu wanga, ngati kuti foni yake ili ndi mankhwala.

Chodabwitsa chinali chakuti ndikaitana kachidutswa kamodzi ndi curl, kachida koitanira fayilo popanda browser, kankabwera bwinobwino ndi header yake yomwe. Ndiye browser ikudandaula chiyani? Dzulo madzulo m'pamene nzeru zinandibwerera, ndinakopera adiresi yeniyeni imene console inkaloza n'kuiyesa ndi curl. Fayilo yake inali .zattrs. Yankho: 404, ndiye kuti fayiloyo palibe.

Ndinalowa mu seva, ls -a, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Munalibe .zattrs, munalibe .zgroup. Pokopera paja ndinalemba dzina la foda ndi kanyenyezi (*) kumapeto, ndipo kanyenyezi sikatola mafayilo oyamba ndi kadontho. Mafoda a 0 mpaka 4 anapita onse pamodzi ndi ma .zarray awo chifukwa anali m'kati, koma ziwiri za pamwamba zija zinatsala pa laputopu, zili phee. Tsono .zattrs ndi imene imanena kuti masitepe ndi angati, ma axis akutsatana bwanji, voxel (pixel ya mbali zitatu) ndi yaikulu bwanji. Popanda iyo Neuroglancer ili ngati mlendo amene wafika pamudzi osapeza womulozera khomo.

Nanga CORS inabwera bwanji pankhaniyi? Apa m'pamene panandipweteka kwambiri. Mu nginx, add_header siigwira pa yankho la 404 pokhapokha uwonjezere mawu akuti always. Ndiye fayilo ikasowa, yankho limatuluka lopanda header, browser n'kumakuwa za CORS pamene vuto lenileni n'lakuti chinthucho kulibeko. Masiku anayi ndikuthamangitsa mthunzi. Ndinakoperanso ndi rsync -a, n'kutenga ndi mafayilo a kadontho omwe, masekondi ochepa chabe, basi nkhani yatha. Amene mwasamukira ku OME-Zarr 0.5 simudzaziona izi, chifukwa Zarr 3 imasunga zonsezi mu zarr.json, yopanda kadontho kutsogolo. Ine ndinakakamira 0.4 chifukwa cha ulesi basi.

Ngakhale pamenepo chithunzi chinabwera chakuda bii, koma ichi ndinachigwira msanga. Maikulosikopu ija imalemba 12-bit, manambala osapitirira 4095, pamene chotengera cha 16-bit chimafika 65535. Ndinangochepetsa range mu tabu ya rendering, tsitsi la kukamwa kwa mphutsi lija n'kuonekera ngati tsache.

Ndikamavutika chonchi ndi 1.5 GB ndimakumbukira chimene chinandikopa poyamba. Inali FlyWire, ubongo wonse wa ntchentche ya zipatso, Drosophila, umene unasindikizidwa mu Nature mu 2024: maselo a ubongo pafupifupi 140,000 ndi malumikizano oposa 50 miliyoni. Zithunzi zake zinajambulidwa ku Janelia, magawo oposa 7,000, lililonse lochindikala pafupifupi ma nanomita 40. Kenako H01, kachidutswa ka ubongo wa munthu kokwana pafupifupi kiyubiki milimita imodzi, kamene labu ya Jeff Lichtman ku Harvard inagwirira limodzi ndi Google, ma petabaiti 1.4. Chinthu chimenecho ndinachitsegula pa laputopu yomweyi yopuma wefuwefu, chifukwa browser imangoitana tizidutswa ta pamene maso ako ali, pa sitepe yoyenerana ndi mmene wayandikirira. Jeremy Maitin-Shepard, amene analemba Neuroglancer, ndikanamugulira chambo chabwino. Chimene ndimakonda koposa n'chakuti malo amene waima, mmene watembenuzira ndi mitundu imene wasankha zonse zimakhala mu linki, moti wolandira amaona ndendende zimene iwe ukuona.

Ndinayesapo Vizarr, pulogalamu ina yoonera OME-Zarr mu browser, chaka chatha ndi zithunzi za muzu wa anyezi. Ndi yopepuka, yabwino posinthasintha ma channel, koma umangoyenda gawo ndi gawo. Ine ndimafuna kudula mopingasa, shift ndi kukoka mbewa, kuona mutu utachekedwa pa ngodya imene mpeni sunadutsepo.

Zotsala zilipo. Kumbali, mutuwo ukuoneka wophwanyika ngati chitumbuwa chokhalidwa, chifukwa sikelo ya z ndinaisiya yofanana ndi ya x ndi y, ndipo mnzanga uja sanandiyankhebe kuti makina ankadumpha ma micron angati pakati pa magawo. Timafayilo tambirimbiri tija tikuchedwanso pa netiweki ya foni, ndiye ndikuganiza za sharding, kuphatikiza tizidutswa tambiri mu fayilo imodzi. Ndikatero ndikufuna ndilekanitse ubongo wa mphutsiyo pamanja, ndipange mesh, chikombole chake cha 3D, yoti izizungulira pa windo lachinayi, kenako mwina ndichite chimodzimodzi ndi msinkhu uliwonse kuchokera dzira mpaka udzudzu wouluka. Mnzangayo sanamvebe kuti ndikufuna ma stack ena ochuluka chonchi. Ndimuuza Loweruka, ndikamugulire kaye kanyenya.