Pulogalamu inkayamba kudikira yankho uthenga usanafike

Za Lolemba ndi Lachiwiri m'mawa pa ntchito yanga yosamalira makompyuta sindikambapo zambiri. Mapasiwedi oiwalika, printa yokana kukoka pepala, backup yodzaza disiki usiku. Zimenezo nonse mukuzidziwa.

Lachiwiri madzulo kompyuta yakale ya DOS imene imatumiza malangizo ku makina odulira zitsulo inatsirizika. Ndakhala ndikulemba makalata kuti tikonzekere isanafe, koma yankho linkangokhala lakuti "ikugwirabe". Itafa, abwana anati m'mawa mwake ntchito iyambe basi. Ndinakopera disiki yake n'kuiika mu QEMU, pulogalamu yotsanzira kompyuta imene ndinaiyendetsa pa seva yathu. COM1, doko la serial lotumizira malangizo, ndinailumikiza pa socket (njira ya pa netiweki) yopita ku kabokosi kamene kamasandutsa netiweki kukhala serial, mbali zonse pa liwiro la ma bit 9600 pa sekondi, 8N1 (ma bit 8 a chilembo, limodzi loyambira ndi limodzi lotsekera). Ndinapempha theka la tsiku loti ndiyese makina ali opanda chitsulo. Anandikaniza, ati maoda achedwa kale.

Chitsulo choyamba chinaonongeka. Makina anadula chigawo chimodzi kawiri. Woyendetsa makina anabwera ku ofesi kwanga atachinyamula m'manja, osalankhula, anangochiika patebulo. Abwana pambuyo pake: "Paja munati zatheka?" Mawu amenewo sindinanenepo.

Ndinakhala mpaka usiku ndikufufuza. Pa waya weniweni wa 9600, chilembo chimodzi chimatenga ma bit 10, ndiye pa sekondi pamadutsa zilembo 960, chilichonse kupitirira pang'ono milisekondi imodzi. Pulogalamu yathu imatumiza chigawo cha zilembo pafupifupi 2,000, imadikira chip ya UART, imene imayendetsa doko la serial, inene kuti zonse zatuluka, kenaka imapatsa makina sekondi imodzi kuti ayankhe. Akapanda kuyankha imatumizanso. Pa kompyuta yakale, kutumiza kokhako kunkatenga masekondi awiri ndi pang'ono, ndipo nthawi yodikira inkayamba uthenga utafika kale.

QEMU imatsanzira chip ya UART ya mtundu wa 16550A bwinobwino. Pulogalamu ikalemba divisor (nambala yosankhira liwiro) 12 pa 0x3F8, adiresi ya COM1, QEMU imalandira, 115200 kugawa 12 n'kukhala 9600. Koma kumapeto kukakhala socket kapena pty (doko longoyerekezera), nambala imeneyo siichedwetsa kanthu. Chilembo chikangolembedwa, nthawi yomweyo LSR, gawo la chip losonyeza ngati zilembo zatuluka, imanena kuti njira ili mbee, tumizani china. Zilembo 2,000 zinkatha m'kuphethira kwa diso, pulogalamu n'kuyamba kuwerenga sekondi yake, pamene kabokosi kaja kakudonthezabe uthengawo pa 9600. Sekondi ikamatha makina anali asanalandire ngakhale theka. QEMU sindikuiimba mlandu, anthu ambiri amafuna console yothamanga. Pulogalamu yathuyi ndi imene inalembedwa modalira kuchedwa kwa waya.

Lachinayi m'mawa ndinataya maola awiri ndi nzeru yolakwika. Ndinaika mapulogalamu a socat ndi pv -L 960 pakati pa QEMU ndi kabokosi kaja kuti achepetse liwiro, ndikuganiza kuti ndatchinga madzi. Ayi ndithu. Pipe ya Linux, njira yopatsirana uthenga pakati pa mapulogalamu, imameza 64 KiB (zilembo zoposa 65,000) isanayambe kukana, ndiye kwa QEMU zonse zinkaonekabe ngati zapita kale. Kuchepetsa liwiro kunja sikufika kwa amene ali m'katimo. XON/XOFF, njira imene wolandira amauzira wotumiza kuti ayambe waima, nayo sikanathandiza, chifukwa palibe chilembo chimene chinkatayika, vuto linali nthawi.

Zikanakhala kuti seva ili pafupi ndi makina, ndikanangopatsa QEMU doko lenileni, /dev/ttyS0. Koma seva ili chipinda china kutali, ndipo kompyuta yoika pafupi ndi makina ndi yomwe ija ndakhala ndikupempha.

Ndiye ndinatsegula hw/char/serial.c, fayilo ya code ya QEMU yotsanzira UART. Muli kale char_transmit_time, nthawi ya chilembo chimodzi yowerengedwa kuchokera ku divisor. Ndinaika timer yoti THRE ndi TEMT, zizindikiro za mu LSR zonena kuti chilembo chatuluka, zisadzuke mpaka nthawi imeneyo itakwana. Mizere yochepa chabe, koma kupanga build ndi kuyesa kunandidyera tsiku lonse. Ulendo uno ndinakana kwamtuwagalu kuti aikepo chitsulo ndisanaone chigawo chilichonse chikupita kamodzi kokha. Anandiyang'ana ngati ndikuchita mwano, koma anadikira.

Lachisanu makina anadula tsiku lonse osalakwitsa. Palibe anabwera kudzanena kanthu, kupatula wina wofunsa za printa ija. Mu lipoti la sabata analemba kuti chitsulo chinaonongeka "chifukwa cha vuto la kompyuta". Zoti ndinapempha nthawi yoyesera mulibe. Tsopano tili ndi QEMU yosokedwa pamanja, imene ndiyenera kuisokanso nthawi iliyonse tikapanga update, ndipo wodziwa zimenezi pano ndine ndekha. Ndalembanso kalata yopempha kompyuta yoika pafupi ndi makina, pamodzi ndi chithunzi cha chitsulo chija.