Momwe ndinasankhira choberekera mwana wanga

Mwana wanga woyamba anabadwa mu June, nyengo imene kuno ku Mzuzu kumacha ndi chifunga ndipo madzi a mumtsuko amazizira mpaka kupweteka mano. Zitenje zimene ndinapita nazo kuchipatala, monga momwe anamwino amauzira mayi aliyense woyembekezera, zinathera kufunditsa mwana ndi kuyala pamphasa, choncho nthawi yoyamba kuyenda naye kusikelo itayandikira ndinazindikira kuti choberekera chenicheni ndinalibe.

Ndinayamba ndi chimene maso anga ankasirira, chomwe ndi choberekera cha malamba chija chimene munthu amavala ngati chikwama. Zatsopano za m'sitolo zinali zodula kwambiri, makamaka chifukwa katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, motero ndinagula cha pakaunjika. Nditafika nacho kunyumba kwathu ku Chibavi ndinaona kuti chomangira chimodzi cha pulasitiki chinali ndi mng'alu, ndipo pokhalira mwana panali popapatiza, moti miyendo yake inkangolendewera pansi. Kolemera konse kunkagwera pamapewa anga. Ndinachivala masiku awiri okha n'kuchipachika kuseri kwa chitseko.

Kenaka ndinabwerera ku chitenje, koma apanso ndinanyengedwa ndi maluwa. Ndinagula chonyezimira kwa mayi wina woyenda ndi malonda m'makomo, ndipo tsiku lomwelo, ndikuwerama kuti nditole beseni, ndinamva mfundo ikutsetsereka pachifuwa ndipo mwana akutsikira kuchiuno. Apongozi anga, amene anali pakhonde, anachigwira ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Mayi a mwana, ichi n'chovala kuukwati, si choberekera. Mawa tipitire limodzi ku Taifa."

Msika wa Taifa ndi kumene kumapezeka nsalu zambiri zochokera ku Tanzania, ndipo zimapachikidwa mothithikana mpaka munthu kusokonezeka. Apongozi sanayang'ane mtundu ngakhale umodzi. Ankatenga ngodya ya nsalu n'kuifinya m'dzanja, ndipo ikakhwinyata n'kukhalabe ndi makwinya ankati imeneyo ili ndi thonje lokwanira, pamene yobwerera msanga mwakale ankaibweza osanena kanthu. Ankaikwezanso kudzuwa kuti aone kulukana kwa ulusi, popeza nsalu yoonekera kwambiri imang'ambika pamene pamakhala matako a mwana. Yeso limene ndinalikhulupirira koposa ndi la mfundo: anamanga ngodya ziwiri, anandipatsa mbali imodzi, iwo n'kukoka inayo. Ya thonje inaluma n'kukhala pomwepo, koma yosakaniza ndi nayiloni inamasuka pang'onopang'ono ngati ija ya kunyumba. Wogulitsa wina anatilola kusolola ulusi umodzi m'mphepete n'kuuyatsa ndi machesi, ndipo unapsa n'kusanduka phulusa lofewa. Ulusi wa nayiloni umasungunuka n'kusiya kanthu kolimba kakuda.

Thonje lili ndi ubwino winanso umene ndinadzauona pambuyo pake, wakuti limamwa thukuta, moti msana wa mayi ndi mimba ya mwana sizinyowa mukayenda mtunda wautali masana.

Pa nkhani ya kutalika, ndinaumirira kuti wogulitsa ayeze ine ndikuona, chifukwa chitenje choberekera chiyenera kukwana mamita 2, ndipo chikaperewera pang'ono pokha mfundo imakhala yansonga, yosadalirika. Tinaona kuti kugula nsalu yathunthu n'kukaiduladula tokha kunali kotsikirapo mtengo kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi, choncho ndinasonkherana ndi mlamu wanga n'kugawana. Ndinatenga ziwiri zamtundu wodera, poganizira matope ofiira a kuno nthawi ya dzinja komanso kuti chimodzi chikakhala pachingwe, m'nyengo imene zovala zimatha masiku awiri zisanaume, china chizigwira ntchito. Zonse pamodzi, ndi ndalama ya telala amene anapinda m'mphepete kuti ulusi usamasosoke, sizinafike pa mtengo wa choberekera chatsopano cha malamba.

Nsalu yatsopano imakhala youma gwa chifukwa cha mankhwala a kufakitale, motero ndinaziviika usiku wonse, ndinazichapa kawiri ndi sopo wamtanda mpaka madzi anasiya kutuluka utoto, kenaka ndinazisita. Ndisanaikemo mwana, ndinayeserera ndi thumba la ufa la makilogalamu 5, zimene zinaseketsa ana a pamalo pathu, koma zinandiphunzitsa kukoka nsalu mpaka katunduyo atamamatira kumsana.

Kamangidwe kake ndinakawongoleredwa kusikelo. Namwino anandiuza kuti khosi la mwana limayamba kulimba bwino akamakwanitsa miyezi 4, ndiye isanafike nthawi imeneyo ndibwino kumunyamula kutsogolo, kapena kuonetsetsa kuti nsalu yafika kumbuyo kwa mutu kuti usagwere chagada. Anandionetsa kuti nkhope ya mwana izioneka nthawi zonse, mphuno ndi pakamwa zisaphimbike, ndipo chibwano chisagwere pachifuwa chake chifukwa zimenezo zimatseka njira ya mpweya. Miyendo ayenera kuitambasula ngati chule, nsalu itagwira ntchafu mpaka kuseri kwa mawondo, ndipo mawondowo akhale okwererapo kuposa matako. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene chinalakwika ndi cha pakaunjika chija.

Panopa mwana ali ndi miyezi 7 ndipo ndimamubereka kumbuyo, mbali imodzi ya chitenje itadutsa paphewa, inayo m'khwapa, mfundo ili pachifuwa. Akafuna kuyamwa ndili pamzere kusikelo, ndimangomuzungulitsira kutsogolo osamasula chilichonse. M'mawa kukazizira ndimamuveka chipewa ndi masokosi n'kufunda chitenje chachiwiri pamwamba, cholekeza m'khosi mwake, ndipo ndisanakwere kabaza wopita m'tauni ndimaima kaye n'kukokanso mfundoyo. Chonyezimira chija ndinachivala pa chinkhoswe cha mng'ono wanga mwezi watha.