Liwu loti nicked landizungulira tsiku lonse

Lachitatu, Leeds, ku England. Kwacha ndi kamvula kowaza kaja kosadziwa kukata, ndalowa shifiti 7 koloko mmawa kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwirako.

Ndisanavule ndi jekete yomwe agogo ena aakazi a chipinda chakumapeto andikodola, maso ali ofiira, akuti "somebody's nicked my slippers". Ine liwuli ndimangolidziwa la pa TV, wapolisi wa kuno akagwira munthu amati "you're nicked", ndiye kuti wagwidwa basi, tiye ukafotokoze ku polisi. Nde ndinaima kaye, wagwidwa ndani, nanga masilipasi akubweramo bwanji? Agogo aja akungobwereza zomwezo uku akulozera pansi pa mpando.

Ndinakafunsa mnzanga wobadwira konkuno, mayi wamkulu ndithu, ndipo sanandiseke ayi. Akuti nick ndi kubanso. Eti liwu limodzi lomwelo, wakuba akatenga chamwini wapanga nick, apolisi akamugwira wakubayo naye ali nicked, ndipo kupolisi kapena kundende komwe akamutsekereko amakutchula "the nick". Kuba, kugwidwa ndi chitokosi chomwe, zonse liwu limodzi.

Apa mpomwe mtima unandigunda chifukwa pantchito yathuyi agogo akanena kuti abedwa si nkhani yongoti pepani agogo nkudutsa, umayenera kuuza akuluakulu ndi kulemba, kaya ndi masilipasi kaya ndi mphete. Ndikanangogwedeza mutu ngati ndamva pomwe sindinamve, dandaulo lawo likanathera pompo ndipo iwo akanatsala akuona ngati mnyumba muno palibe owamvera. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, munthu wokalamba wasiya nyumba yake, katundu watsala naye ndi wochepa, chilichonse ndi chamtengo kwa iye. Polemba lipoti ndinalemba kuti masilipasi asowa ndipo iwo akuti abedwa. Nicked salemba mu lipoti, ndi chizungu chapakamwa, cha mumsewu, nchifukwa chake ku sekondale kwathu tinkangophunzira arrested ndi stolen mpaka kulemba MSCE osalimvako.

Cha mma 10 ndikumeta ndevu agogo ena aamuna, lezala linawakanda pang'ono pachibwano, iwo nkuti "you've nicked me, love". Mtima phaa kachikena, ndawabera chani? Koma akuloza kadontho ka magazi. Kani kabala kakang'ono ka lezala kapena mpeni nakonso ndi nick. Ndinawapukuta, ndinapepesa, ndinalembanso.

Masilipasi anapezeka masana kochapira zovala, anakulungidwa limodzi ndi mashiti. Ndinawapititsira ndekha nkuwaveka.

Poweruka ndinadzera kukaona njinga yakaunjika yomwe ndinaiona pa Facebook, mabasi akundidyera ndalama. Mwini wake akuti "it's in good nick", kutanthauza kuti ili bwinobwino sinathe. Ndinamufunsa kawiri ndithu, munthu wangophunzira mmawa womwewo kuti nick ndi kuba sungagule njinga mwachisawawa. Anandionetsa lisiti la pomwe anaigula, ndatenga.

Mnjira ndikukankha njingayo ndimaganiza za kugwidwa kwathu komwe. Timati wagwidwa ndi apolisi, wagwidwa ndi tulo, wagwidwa ndi mizimu, wagwidwa njakata, ndipo palibe Mmalawi amasokonezeka, timamva ndi nkhani yake. Mzungu wophunzira Chichewa atamva kuti mwana wagwidwa ndi tulo mwina angathamange kukamuwombola. Nawonso a kuno nick wawoyu anakula naye, sadziwa nkomwe kuti mlendo amamva mbali imodzi yokha.

Usiku uno ndamutumizira voice note mng'ono wanga ali ku Area 25 yemwe akukonza zobwera kuno kudzagwira ntchito yomweyi, ndamuuza kuti iwe agogo akadzati nicked usadzangomwetulira, udzafunse chasowa nchani. Wayankha kuti ndimulembere onse mawu oterewa mu kope. Ndayamba ndi limeneli, mawa shifiti ndi 7 koloko yomweyo.