Tsiku limene bafa inazungulira

Khutu langa lakumanja linangotseka m'mawa wina, ndipo ine pokhala munthu wodzidalira ndinatenga kamtengo ka thonje kotokosera m'khutu kaja n'kuyamba kukumba phula la m'khutumo. Ndikalowetsa, ndatsokomola. Ndikalowetsanso, ndatsokomola. Mayi akunyumba anafunsa ali pakhomo ngati ndikutsuka khutu kapena kukhosi. Anali ndi mfundo, chifukwa mtsempha wina wa m'khutu ndi womwewo umene umakafika kukhosi.

Kamtengo kanatuluka koyera bwinobwino, koma khutu linagontheratu. Njira ya m'khutu ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 2.5 mwa munthu wamkulu, ndipo phula limapangidwa chakukhomo kwake. Ine ndinalichotsa pakhomopo n'kukalitsendera mkati, pafupi ndi kanembanemba komvera.

Masiku otsatira ndinkangoti "eya" pa chilichonse chimene mayi anena, bola mtendere.

Kenako nzeru zinandibwerera. Ndinapeza sirinji yopanda singano, n'kutunga madzi a mufiriji, poganiza kuti ozizira alidzidzimutsa phulalo. Ndinapopera kamodzi kokha. Abale anga, khoma linanyamuka! Chitseko chinadutsa kumanzere, n'kudutsanso kumanzere komweko. Ndinakumbatira sinki ngati mwana wotayika amene wapeza mayi ake, ndipo mayi akunyumba anandipeza ndili chogwada, ndikuuza pansi kuti paime kaye.

Kuchipatala namwino anandimvetsera mpaka kumapeto osaseka, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anati mkatikati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timauza ubongo ngati munthu waima chilili kapena akutembenuka. Madzi ozizira akalowa, madzi a m'timachubumo amayamba kuyenda, ubongo n'kukhulupirira kuti ukuzungulira. Madzi ofunika kupopera m'khutu ndi ofunda ngati thupi, madigiri 37, ndipo amapoperedwa pang'onopang'ono phula litafewa kale.

"Bambo, khutu limadziyeretsa lokha," anatero. "Mukamatafuna ndi kuyankhula, phula limasendera kunja. Inu ntchito yanu n'kupukuta kunjako ndi kansalu basi."

Anandiuza kuti ndizigona chammbali n'kudonthezera madontho 2 kapena 3 a mafuta a olivi, kangapo patsiku, kwa masiku 3 mpaka 5. Koma khutu likamapweteka, likamatuluka mafinya, kapena ngati kanembanemba kanabookapo, osadonthezamo kanthu, kungobwera kuchipatala. Ndinafunsa za makandulo aja amatsatsa pa intaneti, olowetsa m'khutu n'kuwayatsa kuti akoke phula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti satulutsa phula, amangowotcha anthu.

Mafuta anagwira ntchito mwakachetechete. Madzulo ena ndikuyasamula, khutu linangoti pho, ndipo ndinamva wotchi, firiji, ngakhale galu wa aneba. Ndinathamangira kukawauza mayi.

"Mwayamba kumva?" anatero akumwetulira. "Zakhala bwino. Achimwene anga akufika Loweruka kudzakhala nafe mpaka adzapeze ntchito. Ndinakufunsani, inu munati eya."